Chigoba Chisachoke Kumaso: Maganizo Anga pa Masewero a Paintball

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga tsamba lino usiku mutatha kuchonga makope, ndipo mukudzifunsa kuti, "Za paintball zikundikhudza bwanji ine, poti sukulu yanga ilibe ndi mpira wachikopa womwe?" Funso lanu ndi lomveka. Ndiloleni ndiyambe ndi zimene ndidaona ku Cape Town, kenaka tibwerere limodzi pabwalo la sukulu yanu.

Zimene ndidaona

Nditapita kukacheza kwa mng'ono wanga amene amagwira ntchito mumzindawu, ndidaperekeza mwana wake ndi anzake a m'kalasi kubwalo lina la paintball. Awa ndi masewero omwe magulu awiri amathirana nkhondo yachibwana ndi mfuti zoponya timipira tokhala ndi penti m'kati. Amene kampira kamuphulikira pathupi ndiye kuti watuluka.

Pakhomo tidapatsidwa pepala la Chingerezi la zilembo zing'onozing'ono, ndipo makolo adasaina ali chiimire, osaliwerenga. Woyang'anira adatchula malamulo mothamanga ngati kondakitala woitanira minibasi, ana nkumangogwedeza mitu. Masewero ali m'kati, galasi la chigoba cha mnyamata wina lidachita nkhungu chifukwa cha thukuta. Iye adatukula chigobacho kuti apukute. Nthawi yomweyo kampira kadaphulikira pamtengo umene adatsamira, pafupi ndi khutu lake. Mnyamatayo adaseka. Ine mtima udangoti myuu!

Chifukwa chiyani tikudera nkhawa diso?

Masewerowa adayamba m'chaka cha 1981 ku New Hampshire, m'dziko la America. Mfuti zoyambazo sizidapangidwire masewero ayi. Zidali zoikira chizindikiro pa mitengo yoti idulidwe ndi pa ng'ombe. Ku Cape Town komweko, alonda akhala akugwiritsa ntchito mfuti zotere pothamangitsa anyani amene amatsika m'mapiri kudzaba chakudya m'makomo. Nyani akathawa, dziwani kuti chinthucho chimawawa.

Kampirako nkakakulu mamilimita 17, ngati chipatso cha masawu. Mabwalo ambiri salola kuti kazituluka m'mfuti pa liwiro loposa mamita 90 pa sekondi imodzi, komabe liwiro limeneli ndi loposa makilomita 300 pa ola. Munthu akakhala pa mtunda wa mamita 5, kampira kamamupeza asanaphethire n'komwe.

Pamkono kapena pantchafu kamangosiya chotupa chimene chimatha pa masiku ochepa. Diso ndiye nkhani ina. Mpira wamiyendo ukakumenyani kumaso, mafupa ozungulira diso ndi amene amalandira mphamvu yambiri poti mpirawo ndi waukulu. Kampira ka penti kamakwana bwinobwino pakati pa mafupawo, choncho mphamvu yonse imathera padiso lenilenilo. Magazi akhoza kudzaza kutsogolo kwa diso, kachikopa ka kumbuyo kamene kamalandira kuwala kakhoza kumatuka, ng'ala ikhoza kuyamba, mwinanso diso kuphulika kumene. Madokotala a maso amene akhala akulandira ovulala otere amanena chinthu chimodzi: ambiri amavulala atavula chigoba, kapena akusewera paokha popanda chigoba ndi munthu wamkulu.

Tiletse kapena tiphunzitse?

Ena a inu munena kuti, "Basi, tingoletsa." Ndikukumvetsani, koma sindikugwirizana nanu. Mwana amene mwamuletsa amakasewerabe kuseri, kumene kulibe chigoba ngakhale womudzudzula. Pabwalo loyendetsedwa bwino, liwiro la mfuti limayezedwa ndi makina, kukamwa kwa mfuti kumavekedwa kathumba munthu akangotuluka m'masewero, ndipo kuombera mnzako ali pafupi kwambiri nkoletsedwa. Malamulo alipo ndipo ndi abwino. Vuto ndi lakuti timaganiza kuti lamulo likanenedwa ndiye kuti lamveka.

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa sukulu za kwacha, ndipo chimene ndaphunzirako ndi ichi: kusaina si kumvetsa, kugwedeza mutu si kuvomera. Mayi akhoza kulemba dzina lake mokongola papepala limene sakudziwa chimene likunena. Malamulo a ku South Africa a chitetezo m'sukulu za boma, monga adakonzedwera m'chaka cha 2006, amafuna kuti kholo livomereze molemba mwana asanapite paulendo wa sukulu. Zimenezi nzabwino. Koma pepala losainidwa silidatchingepo diso la mwana aliyense. Udindo umatsalabe m'manja mwa inu amene mwaima pabwalopo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tingaphunzitse bwanji lamulo?

Njira imene timagwiritsa ntchito ndi akuluakulu imathandizanso ana. Sitiyamba ndi yankho, timayamba ndi chithunzi ndi funso. Jambulani pabolodi mwana atatukula chigoba, ndipo funsani kuti: Mukuona chiyani? Wavuliranji? Chingachitike ndi chiyani? Inu mukadatani? Mudzadabwa kumva zifukwa zenizeni zikutuluka m'kamwa mwa ana: kutentha, nkhungu pagalasi, penti yatseka maso, kapena "ndimayesa masewero atha."

Yankho lomalizali mulisamale. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene wina akuganiza kuti masewero atha pomwe mnzake akadali ndi chala pamfuti.

Mukatha kukambirana, ana apange okha lamulo lalifupi m'chilankhulo chawo, monga lakuti, "Chigoba sichichoka mpaka kunja kwa mpanda." Kenaka ayeseze. Wina ayerekeze kuti sakuona, aime, akweze dzanja, aitane woyang'anira, chigoba chili kumaso. Chimene thupi layeseza silichedwa kuchikumbukira pa nthawi ya mantha. Inunso valani chigoba chanu nthawi yonse, chifukwa ana amatsata zochita zathu kuposa zonena zathu. Magalasi a dzuwa kapena owerengera si chigoba, ndipo akasweka amawonjezera ngozi.

Tibwerere kwathu

Tsopano yang'anani m'matumba a anyamata a m'kalasi mwanu. Simupezamo legeni? Mwala wa legeni nawo umakwana pakati pa mafupa a diso, ndipo suphulika ngati kampira ka penti. Onjezanipo uta ndi mivi ya bango, mfuti zapulasitiki zoponya tizipolopolo zimene zimachuluka m'misika nyengo ya Khirisimasi, ndi ndodo zolimbanirana popita kunyumba. Ngozi yake ndi yomweyo, ndipo mafunso anayi aja agwiranso ntchito pamenepa.

Ngozi ikachitika, mwana asatikite diso ndipo inu musalisindikize. Musathiremo mankhwala azitsamba, mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga, ndipo musayese kuzula chimene chalasa diso. Dulani kapu yapulasitiki yoyera, vindikirani diso ndi tsinde lake mosakhudza disolo, mangani mopepuka, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti akuona bwino. Kuvulala kwina kwa m'kati kumadzaoneka patapita masiku. Ku Cape Town kuli zipatala za Groote Schuur, Tygerberg ndi chipatala cha ana cha Red Cross ku Rondebosch, kumene bungwe loteteza ana ku ngozi, lomwe lero limatchedwa Childsafe, lidayambira m'chaka cha 1978. Kuno kwathu chipatala cha boma chingakutumizeni kwa akatswiri a maso ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma.

Mwana amene wataya diso ali Sitandade 5 amakhala nacho chilemacho moyo wake wonse, pamene phunziro limene likadamuteteza silitha ndi mphindi 30 zomwe.

Ntchito

1. Lembani masewero atatu a ana a pasukulu yanu amene angavulaze diso.
2. Sankhani amodzi, jambulani chithunzi, ndipo kambiranani ndi kalasi yanu pogwiritsa ntchito mafunso anayi aja.
3. Lembani lamulo limene anawo apanga, m'mawu awo omwe, ndipo mudzabwere nalo pa tsiku lokumana ndi mlangizi wanu.