Phunziro la Cilala ca 2024: Jenereta Isamalidwe Magetsi Akalipo

Pa 29 February 2024, mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa kwambiri m'damu la Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amacokera ku mphamvu ya madzi, bungwe la ZESCO linafika pozima magetsi maola oposa 20 pa tsiku m'madera ena. Vuto lotere linaonekanso mu 2015 ndi 2019, kutanthauza kuti mvula ikadzalepheranso, likhoza kubwerera.

Mabanja amene anagula majenereta panthawiyo ayenera kudziwa kuti makinawa amaonongeka ngakhale atangokhala. Petulo wokhalitsa m'thanki amauma ndi kutseka kabyuleta, motero injini imakana kulira pa tsiku lofunikira. N'cifukwa cake jenereta iyenera kulizidwa mphindi 20 mwezi uliwonse. Oilo asinthidwe pakatha maola 50 mpaka 100 a nchito, ndipo sefa ya mpweya itsukidwe kawirikawiri m'nyengo ya fumbi.

Koma cacikulu ndi moyo wa anthu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Makinawa aikidwe panja, kutali ndi mazenera, ngakhale pali mantha a akuba. Kulumikiza jenereta ku nyumba popanda changeover switch kumabweza magetsi m'mawaya a mumsewu, ndipo kukhoza kupha wanchito amene akukonza mawayawo.