Mwati ndi buku la mbava? Tiyeni tiziwerenge kaye mbavazo

Sabata yatha azakhali anga analanda buku m'manja mwa mchemwali wanga wamng'ono, amene ali fomu 3 ndipo akukhala kwawoko. Bukulo ndi langa. Ndinaligula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, masamba ake ena atayamba kale kuthothoka. Azakhali anaona khwangwala pachikuto, anawerenga mawu a kuseri, kenako foni yanga inalira. "Iwe, ndiwe wamkulu. Zoona ungamupatse mwana buku la ufiti ndi umbava?" Ine ndinangoti, "Pepani azakhali, ndamva." Munthu sutsutsana pa foni ndi amene anakubereka kumbuyo. Koma pano ndi pakhomo panga, ndiye ndilankhula.

Bukulo ndi Six of Crows, lolembedwa ndi Leigh Bardugo wa ku America, ndipo linatuluka mu 2015. Amene simunaliwerenge ndikuchenjezeretu: ndiulula zambiri, musadzati sindinanene.

Mabuku a mtundu umenewu alipo ambiri tsopano. Kagulu ka achinyamata, aliyense ndi luso lake, kayenera kulowa malo osaloweka, kutenga chinthu, n'kutuluka amoyo, ndipo zonsezi zikuchitika m'dziko momwe muli matsenga. Eoin Colfer anayamba kale mu 2001 ndi Artemis Fowl, kamnyamata ka zaka 12 kamene kanagwira mmodzi wa anthu amatsenga n'kumafuna golide kuti kamumasule. Brandon Sanderson anatulutsa buku loyamba la Mistborn mu 2006, momwe mbava zikukonza zobera mfumu imene yalamulira zaka 1,000. Koma buku limene achinyamata ambiri amaloza mukatchula za kuba ndi matsenga ndi la Bardugo lija.

Nkhani yake ili motere. Mu mzinda wa padoko wotchedwa Ketterdam, womwe wolembayo anaufanizira ndi Amsterdam wakale, muli mnyamata wa zaka 17, Kaz Brekker, woyenda ndi ndodo, wosavula magolovesi. Mpondamatiki wina, Jan Van Eck, akumulonjeza ndalama zokwana 30 miliyoni kuti akatulutse wasayansi wina m'linga lotchedwa Ice Court, m'dziko lozizira la Fjerda. Wasayansiyo anapanga mankhwala otchedwa jurda parem, amene amachulukitsa mphamvu za anthu amatsenga otchedwa Grisha, koma akangowalawa sangawasiyenso mpaka afe. Kaz asonkhanitsa anzake asanu, ulendo wayamba.

Azakhali akunena zoona, m'bukumu muli mbava. Chimene ndikukana ndi kawerengedwe kawo ka mbavazo. Iwo awerenga zisanu ndi imodzi, zimene zili kuseri kwa chikuto. Ine ndawerenga buku lonse, ndipo zisanu ndi imodzizo ndi zing'onozing'ono.

Tiyambe ndi Kaz yemweyo. Ali ndi zaka 9 bambo ake anamwalira pa ngozi ya kumunda. Iye ndi mkulu wake Jordie anagulitsa munda n'kupita kutauni ndi kandalama kawo. Kumeneko anakumana ndi bambo wina wooneka bwino, wa nyumba yabwino, wowaitanira chakudya, amene anauza Jordie kuti pali bizinesi yoti ndalama zake ziswane msangamsanga. Jordie anapereka zonse. Atabwerera anapeza nyumba ili pululu, bambo uja kulibe, ndipo dzina lomwe anawauza linali labodza. Anawo anayamba kugona mumsewu, mliri unagwa, Jordie anamwalira, ndipo Kaz anatayidwa pamodzi ndi mitembo akumuyesa wakufa. Anabwerera kumtunda atakangamira mtembo wa mkulu wakeyo ngati choyandamira. N'chifukwa chake safuna kukhudza khungu la munthu. Magolovesi aja si sitayilo ayi.

Tsono ndifunse. Pakati pa mwana wa zaka 9 amene anaphunzira kupisa m'matumba kuti adye, ndi bambo amene anakonza chiwembu chonse chija, Pekka Rollins, yemwe pambuyo pake akukhala mwini malo a njuga ndi munthu woopedwa mu mzindamo, wakuba ndi uti? Ndipo ndani wa ife amene sadziwa munthu amene anaika ndalama za fizi mu zija amati ukaika 50 sauzande ulandira 200 pakutha pa mwezi? Mchemwali wanga akawerenga za Jordie sakuphunzira kuba. Akuphunzira kuzindikira nkhope ya munthu amene adzamubere.

Koma amene amandigwira mtima kwambiri ndi Inej Ghafa. Mtsikanayu anakulira m'banja la anthu oyendayenda ochita masewera oyenda pa chingwe. Ali ndi zaka 14 anagwidwa ndi ogulitsa anthu, n'kukamugulitsa ku nyumba ina ya ku Ketterdam kumene amuna amalipira kuti agone ndi atsikana. Apa ndi pamene Bardugo anaonetsa kuti anaganiza mozama. M'dziko la Kerch, momwe muli Ketterdam, ukapolo ndi woletsedwa. Lamulo likutero. Ndiye Inej sakutchedwa kapolo. Ali ndi pangano lolembedwa, m'chinenero chimene sankachidziwa, lonena kuti ali ndi ngongole ndipo agwira ntchito mpaka ngongoleyo ithe. Chakudya chimene wadya, ngongole. Chovala, ngongole. Malo ogona, ngongole. Ngongoleyo imakula mofulumira kuposa malipiro. Palibe wathyola loko, palibe wakwera mpanda. Munthu wamoyo wabedwa ndi pepala ndi cholembera, ndipo apolisi a mu mzindamo akuteteza pepalalo.

Izi si za m'mabuku okha, ndipo ife tikuzidziwa bwino. Agogo athu a kum'mwera anaidziwa thangata, kugwira ntchito m'minda ya azungu ngati lendi ya malo amene anali awo omwe, ndipo zinali zololedwa. Masiku ano tamva za atsikana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, atafika pasipoti n'kulandidwa, n'kuuzidwa kuti sangachoke asanabweze ndalama zimene abwana anawononga powabweretsa. BBC inaonetsa nkhani yawo mu 2024. Mtsikana wa fomu 3 amene wayenda ndi Inej masamba mazana angapo, tsiku limene wina adzamuuze kuti saina apa, zina tidzakufotokozera ukafika, mwina adzakumbuka. Ine ndingakonde akumbuke.

Nanga Van Eck, bambo wolemekezeka, wa m'bungwe la amalonda olamulira mzinda? Anthu a ku Kerch amapembedza Ghezen, mulungu wa malonda, ndipo kwa iwo phindu ndi chizindikiro cha madalitso. Van Eck ndi wopemphera kwambiri. Ndi yemweyonso amene anataya mwana wake Wylan chifukwa mwanayo satha kuwerenga, ngakhale ndi katswiri pa masamu, pa nyimbo ndi posakaniza mankhwala. Ndi yemweyonso amene, anawo atabwerako ku Ice Court ataika moyo wawo pachiswe, akukana kulipira n'kufuna kuwapha. Mbava zinasunga pangano. Wolemekezeka ndi amene anaba.

Mukatero ndiye mwaona chimene mabuku abwino a mtundu umenewu amachita. Kuba kwa kuthyola linga ndi nyambo chabe, kuti utsegule tsamba lotsatira. Funso lenileni ndi lakuti chimene chatsekeredwacho anachipeza bwanji amene akuchilondera. Roshani Chokshi anafunsa mosabisa mu The Gilded Wolves, la mu 2019. Nkhani yake ili ku Paris mu 1889, chaka cha chionetsero chachikulu chimene anamangira nsanja ya Eiffel, ndipo pa chionetsero chomwecho anthu ochokera m'maiko olamulidwa ndi France anaikidwa m'midzi yongopanga kuti azungu aziwaonerera. Achinyamata a m'bukumo, wina wa magazi a ku Algeria, wina wa ku Philippines, wina wa ku India, akubera mabanja olemera amene anadzaza zipinda zawo ndi zinthu zamatsenga zotengedwa m'maiko a eni. Ukamawerenga umakumbuka chigaza chija chinapezeka mu mgodi ku Kabwe mu 1921, chimene mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London ngakhale dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambiri. Chili m'kabati, chili ndi nambala, chili ndi alonda. Wina atakachitenga usiku, nyuzipepala zidzalemba kuti kwachitika umbava.

Tibwere ku za ufiti, poti apa ndi pamene azakhali anakwezera mawu. A Grisha amatha kuimitsa mtima wa munthu, kuitana mphepo, kupinda chitsulo. Eni ake sazitcha matsenga n'komwe, amati ndi sayansi yaing'ono, koma zimenezo tizisiye. Chofunika ndi chimene chimawachitikira. Ku Fjerda kuli asilikali otchedwa drüskelle amene ntchito yawo ndi kusaka a Grisha, kuwatcha mfiti, kuwazenga mlandu umene chigamulo chake chimadziwika kale, n'kuwapha. Mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja, Matthias, anali msilikali wotero. Anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti anthu amenewa si anthu. Buku lonse akulimbana ndi zimene anaphunzitsidwazo, chifukwa amene anapulumutsa moyo wake panyanja, Nina, ndi mmodzi wa amene ankawasaka. M'dziko muno momwe agogo okalamba amagendedwa mpaka kufa chifukwa mwana wadwala ndipo wina waloza chala, mukundiuza kuti buku loonetsa mmene mnyamata amasiyira kusaka mfiti ndi loopsa kwa mwana? Ayi azakhali, pamenepo ndiye pepani.

Ndipo kunena zoona, nthano za mbava yochenjera sitinazidziwire kwa Bardugo. Kalulu anakana kukumba nawo chitsime, kenako ankabwera ndi uchi kudzapusitsa alonda, kuwamanga, n'kutunga madzi. Tinkaseka pamoto, agogo akusimba, ndipo palibe ananena kuti agogo akuphunzitsa adzukulu umbava.

Musandiyese wosaona zolakwika. Kaz si mnyamata wabwino. Pali pamene akukolowola diso la munthu n'kumuponya m'nyanja, ndipo bukulo silimudzudzula mokwanira. Ndikanakhala kuti ndikupereka kwa mwana wa sitandade 6 ndikanaganiza kawiri. Chinanso, anawa akuti ali ndi zaka 16, 17, 18, koma amalankhula ngati anthu amene anakwatirapo kawiri. Kaz amadziwiratu zonse, mpaka nthawi zina umaona kuti wolemba wakubisira dala makhadi kuti adzakudabwitse. Ndipo chondivuta kwambiri ndi ichi: pofika kumapeto kwa buku lachiwiri, Crooked Kingdom, la mu 2016, Van Eck wagwa, koma Ketterdam ali momwemo. Mapangano a ngongole akadalipo. Kaz sanagwetse dongosolo, wangokwera pamwamba pake. Inej yekha ndi amene akutenga sitima kukasaka ogulitsa anthu. Zimenezi n'zoyenera kukangana, ndipo ndingakonde kukangana ndi mchemwali wanga, koma sitingakangane za buku limene latsekeredwa m'sutikesi.

Ndili ndi mawu kwa inunso, anzanga a pa intaneti. Chiyambire Netflix kuonetsa Shadow and Bone mu 2021, momwe anaikamo Kaz ndi gulu lake, mpaka kuisiya mu 2023 itangotha sizoni yachiwiri, ena mwa inu nkhani yanu ndi imodzi: Kaz ndi wowoneka bwino, Kaz ndi Inej agwirana liti manja. Zithunzi pa WhatsApp, ndodo ndi chipewa, basi. Mxii. Azakhali anaona khwangwala n'kuthawa, inu mwaona chipewa n'kukomoka, nonse mwathera pachikuto. Bardugo ali ndi nthenda ya mafupa ndipo iyenso amayenda ndi ndodo. Anapatsa Kaz mwendo wotsimphina kuti pakhale munthu wolumala amene palibe akumumvera chisoni, amene matsenga sakumuchiritsa kumapeto. Imeneyo ndi nkhani yoti tikambirane, osati za nsagwada za wosewera.

Ena mudzati kodi bwanji osawerenga zathu. Ndi funso labwino, koma silichotsa langa. Amene akudziwa buku la m'Chichewa la achinyamata asanu ndi mmodzi okonza zokatenga chinthu chosatengeka, andiuze, ndikaligula mawa. Pakadali pano mwana wapeza buku la masamba oposa 400, m'Chingerezi, ndipo akuliwerenga yekha popanda womukakamiza, usiku ndi tochi ya pa foni. Aphunzitsi angati akulira kuti ana sawerenga? Ameneyu amawerenga, ndipo tamulanda.

Dzulo wanditumizira uthenga. Akuti bukulo lili m'sutikesi ya pamwamba pa wadiropu, kiyi wake azakhali amamumanga pa mfundo ya chitenje, ndipo Lachinayi masana amapita ku mvano maola awiri. Akuti akungofunika munthu mmodzi woima pakhomo. Ndamuuza kuti asayerekeze. Loweruka ndipita ndekha ndi shuga ndi buledi, ndikakhale pansi, ndikapemphe azakhali kuti awerenge mutu wachiwiri wokha, umene uli wa Inej. Akakana ndikawawerengera ine, ndikumasulira.