Linga la makolo athu tikuliumba njerwa

Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere chitsekereni sukulu.

Loweruka lina mwezi wathawu ndinapalasa njinga kupita kumudzi wina kumadzulo kwa boma la Kasungu, kukacheza ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa History zaka zapitazo. Pano ndi bambo wa ana atatu, amalima fodya wa bale, ndipo chaka chino waganiza zomanga nyumba ya njerwa zootcha. Ananditengera kuseri kwa chigafa kukandionetsa uvuni wake. Ndinamufunsa kumene akukumba dothi. Anandilozera chimtumbira chachitali kumapeto kwa munda.

"Aphunzitsi, dothi la apa ndiye dothi. Njerwa yake sichita ming'alu."

Nditafika pafupi ndinaona kuti chimtumbiracho si chulu ayi. Chinali chokhota ngati uta, malo ena chofika m'chiuno, malo ena chongotsala pang'ono kufafanizika, ndipo ukachitsatira ndi maso chimazungulira n'kukumana. M'dzenje la njerwalo munali mapale ambirimbiri, ena okhala ndi mizere yolochedwa pakamwa, phulusa, ndi timiyala takuda tolemera totsala posungunula chitsulo. Tinakafunsa agogo ake aakazi, amene anali pakhonde kusenda mtedza. Sanachedwe kuyankha.

"Limenelo ndi linga, bambo. Amayi anga ankati agogo awo anabadwira m'katimo, nthawi ya Angoni."

Manyazi anandigwira. Mnyamata ameneyu ndinamuloweza pamtima kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pa mayeso anakhoza. Koma sindinamuuzepo kuti nkhondo imeneyo inasiya chizindikiro kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Ngati pali wolakwa, woyamba ndine.

Tikumbutsane pang'ono. Cha m'ma 1850 Angoni a M'mbelwa anakhazikika kumpoto kwathu, ku Mzimba, ndipo pambuyo pake a Mpezeni anakhazikika kumadzulo, chakumene kuli Chipata lero. Achewa a kuno anatsala pakati. Dziko lathuli ndi lachigwa, mapiri othawirako ndi owerengeka. Ndiye anthu anasonkhana m'midzi yozunguliridwa ndi mpanda wadothi ndi mitengo, khomo lake laling'ono lolowa mmodzimmodzi. Amenewo ndiwo malinga. A Mwase, amene David Livingstone anawapeza patsinde pa phiri la Kasungu mu 1863, ankapeza mfuti kudzera m'malonda ndi a Jumbe a ku Nkhotakota, ndipo Angoni analephera kuwagonjetsa. Dzina loti Nguru ya Nawambe, limene ana athu amangolidziwa ngati nyumba ya Kamuzu, limakumbutsa kugonja kwa Angoni paphiripo. Mphamvu za a Mwase zinadzathyoledwa ndi asilikali a Angerezi kumapeto kwa 1895, ndipo boma limene anamanga analitcha Fort Alston. Nkhondo zitatha anthu anatuluka m'malinga n'kumwazikana, malingawo n'kusanduka mabwinja.

Anzathu a ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, malinga awo anamanga ndi miyala pamwamba pa zitunda, ndipo mpaka lero alendo amalipira ndalama kukaona. Mwala umadikira. Athuwa ndi adothi, ndipo dothi silidikira munthu. Mvula imalikokolola, khasu limalisandutsa mizere, chikombole chimalimaliza. Chaka chimodzi chokha cha mitengo yabwino ku okushoni chikhoza kufafaniza linga limene lakhala zaka 150.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti zakale zimene zasungika bwino kuno zili kumene kulibe anthu. M'nkhalango ya Kasungu National Park muli mabwinja a midzi yamalinga, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi zojambula zakale pamiyala ku Solonje. Zinapulumuka chifukwa eni ake anasamutsidwa kaamba ka matenda a kaodzera, malowo n'kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, kenako paki mu 1970. Ndiye kuti njovu zasamala mbiri yathu kuposa ife eni ake? Funso limeneli ndi lowawa, koma tilifunse.

Mwina wina anena kuti, kodi m'chimtumbira chadothi muli chiyani choti n'kudandaula nacho? Muli zambiri. Akatswiri ofukula zakale amawerenga nthaka monga ife tiwerengera kope la mwana, tsamba ndi tsamba, chapansi kukhala chakale, chapamwamba chatsopano. Kukula kwa mpanda ndi kuchuluka kwa malo a nyumba kumasonyeza kuti munkakhala anthu angati. Malo a nkhokwe amasonyeza ngati chakudya ankasunga m'kati poopa kuzingidwa. Padzala pamapezeka mafupa osonyeza ndiwo zimene ankadya. Mikanda yagalasi imasonyeza kuti malonda a kunyanja yamchere ankafika, ndipo imathandiza kudziwa zaka. Maluwa a pamphika amasonyeza ubale wa oumbawo ndi anthu a madera ena. Koma zonsezi zimalankhula pokhapokha zikapezeka pamalo pake. Phale limene lalowa mu njerwa, kapena limene mphunzitsi wokonda zakale walitola n'kuliika pawindo la ofesi, lasanduka phale wamba.

Ndipo tisaganize kuti kuno kulibe choti dziko n'kuphunzirapo. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri monga David Killick, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anabwera kudzafufuza za kusungunula chitsulo kuno ku Kasungu, n'kumacheza ndi akuluakulu a kwa Chulu amene ankakumbukirabe ntchitoyo. Ng'anjo zathu zazitali zija zinkakoka mpweya zokha kudzera m'mipope yadothi ya m'munsi, popanda mvukuto. Zimenezi zinalembedwa m'mabuku amene amawerengedwa m'mayunivesite akunja. Ife pano tikuphunzitsa za Great Zimbabwe ndi mapiramidi a ku Egypt kwa zidzukulu za osula zitsulo omwewo, osatchulako ng'anjo n'kamodzi komwe.

Sindikufuna kunamizira kuti nkhaniyi ndi yophweka. Wophunzira wanga uja si mbuli, komanso si woipa mtima. Munda wake ndi wochepa, simenti ndi yodula, ana akufuna pogona posadontha. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu sungamuuze kuti asiye njerwa zimene akuziona chifukwa cha mbiri imene sanaiphunzitsidwe. Lamulo lilipo, la Monuments and Relics Act la 1990, loletsa kuononga kapena kufukula malo otere popanda chilolezo. Koma lamulo limene mlimi sanalimvepo silingatchinjirize kanthu, ndipo ogwira ntchito ku Dipatimenti ya Museums and Monuments sangayende munda uliwonse kuyambira kwa Kaomba mpaka kwa Kaluluma. Amene tili m'mudzi uliwonse, ndi ana mazanamazana odziwa njira iliyonse yachidule, ndife aphunzitsi.

Tsono pempho langa ndi ili. Teremu ikubwerayi, mphunzitsi aliyense wa History afunse kalasi lake funso limodzi: ndani kwawo kuli linga, ng'anjo kapena phanga lojambulidwa? Mudzadabwa manja amene adzaimikidwe. Kenako pitani kwa a mfumu mwaulemu mukapemphe chilolezo. Tengani ana, chingwe, kope ndi foni yojambulira. Yezani mpandawo, jambulani mapu ake, onetsani kumene kuli khomo, mtsinje ndi kumpoto. Khalani pansi ndi agogo, ana alembe zimene akusimba, m'Chichewa momwemo. Musakumbe, musatole kanthu. Kope limodzi likhale mu laibulale ya sukulu, lina lipite kwa a mfumu, lina ku dipatimenti ija. Zonsezi sizifuna basi kapena alawansi.

Ndisanatsanzike tsiku lija ndinayenda ndi mnyamata uja kuzungulira linga lonse, tikuwerenga mapazi. Tinapeza pamene panali khomo, moyang'ana kudambo. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati njerwa zatsalazo akaumbira pachulu cha kumunsi, ngakhale kuti madzi ali patali. Sindinamukakamize, ndipo ndi iye yekha angasunge mawuwo. Mbali imene anakumba kale ndiye yapita, ikhala khoma la chipinda cha ana ake.

Inu amene munachoka kuno muli ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, mukamaimba foni kumudzi kufunsa za feteleza, mufunseko agogo kuti mudzi wathu usanabwere pano unali kuti. Afunseni msanga, akadali pakhonde.