Inu Munandiseka ku Limbe, Tamverani

Loweruka lapitali ndinasanduka choseketsa. Ndinalowa m'kalabu ina ku Limbe nditasenza chimakina changa chojambulira mawu, Revox A77 ya tepi yozungulira pa mawilo awiri, imene ndinagula kwa mkulu wina wopuma pantchito. Kulemera kwake ngati ndowa ya chimanga. Mlonda wapakhomo anandifunsa ngati ndabwera kudzasoka zovala. Mnyamata woyendetsa zimkuzamawu, chipewa chitaloza kumbuyo, anangoti, "Madala, izi kazituleni ku myuziyamu ku Chichiri, kuno tili ndi laputopu." Onse gwedee ndi phwete. Sindinayankhe chifukwa m'kalabu munthu sumvana ndi mnzako. Ndiyankha pano.

Chinanditengera kumeneko ndi bandi ya anyamata anayi oimba rock: magitala awiri, besi ndi ng'oma. Akhala akuimba pamalopo kwa zaka, ndipo akafika pakati pa usiku amachita zinthu zoti tsitsi limakuimirira. Tsono mumvere nyimbo zimene anajambula ku situdiyo. Ng'oma yaimbidwa ndi kompyuta, woimba ng'oma weniweni tsikulo anali kwawo. Mawu awongoledwa mpaka asalala ngati sopo. Gitala imene m'kalabu imabangula, mmenemo ikulira ngati mwana wamphaka. Anyamatawa atabalalika mawa, monga amachitira mabandi athu ikangolowa nkhani ya ndalama, chotsala ndi chimenechi, ndipo adzukulu athu adzati bandiyo inali yozizira. Limenelo lidzakhala bodza, ndipo bodzalo tikulisunga ndife.

Ndinaimika maikolofoni awiri patsogolo pawo, basi. Sindinapemphe nthambo kwa mnyamata wachipewa uja. Tepi imayenda masentimita 19 pa sekondi, ndipo wilo limene ndinali nalo limatha pakangodutsa theka la ola. Ndinawauza anyamatawo poyera kuti, "Achimwene, apa palibe zobwereza, palibe zofufuta. Chimene muimbe ndi chomwecho." Mukanaona! Wagitala amene sasamala zochuna nthambo anakhala pansi n'kuchuna bwinobwino. Wang'oma anaika botolo lake patali. Ine maso pa tisingano tiwiri tija, kuti tikafika pofiira ndibwezeko pang'ono. Ubwino wa tepi ndi woti phokoso likaikulira imangonenepetsa mawu, pamene foni yanu imathetheka ngati mukukazinga chimanga.

Musandimve molakwa, sindipembedza zitsulo zakale ayi. Tepi imachita kaphokoso ka "sss" pansi pa nyimbo. Ndi yodula, yosowa, ndipo m'nyengo yadzinja imachita chuku. M'mawa mwake ndinasamutsira zonse mu kompyuta yomweyo imene mumanditonza nayo. Chimene ndikukana ndi ulesi umene wabisala kuseri kwa mawu akuti "zamakono". Laputopu ya mnyamata uja ikhoza kujambula usiku wonse, zoona. Nanga anajambulapo kangati? Ntchito yake ndi kuika nyimbo zakunja bandi ikamapuma. Chida chili pomwepo, mtima wosunga palibe.

Ena mukuti, aliyense masiku ano ali ndi foni, zonse zikujambulidwa. Eti? Ndinawaona mafoniwo ali m'mwamba. Wina wajambula theka la mphindi, watembenuza kamera kudzijambula yekha akuvina, watumiza pa WhatsApp, yatha. Mwezi wamawa foniyo yadzadza ndipo wafufuta, kapena yasoledwa pokwera minibasi. Kumeneko ndiye mukuti kusunga nyimbo?

Tayang'anani kwa anansi athu ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kunali rock yoopsa imene lero dziko lonse likuitcha Zamrock: WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz amene anatulutsa chimbale cha Africa mu 1975, ndi Paul Ngozi amene ankaimbanso m'Chinyanja chathu chomwechi. Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo zimbale zinkadindidwa ku Ndola. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, matenda anasesa oimba ambiri, Ngozi naye anamwalira mu 1989. Chinapulumutsa dzina lawo n'chiyani? Zimbale zakuda zija, zaukadaulo womwewu mukuti wa kumyuziyamu. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, Jagari Chanda anabwerera pa nsanja, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Pakanapanda munthu kusindikiza batani lofiira nthawi imeneyo, bwenzi zonsezi zili nthano za pa bawo.

Nanga kwathu kuno? Akuluakulu amene munavina Kalimba, Makasu ndi Love Aquarius m'mahotela ndi m'maholo, mumatiuza kuti kunali moto. Tikukhulupirirani. Koma amene ali ndi tepi ya usiku wathunthu wa imodzi mwa mabandi amenewa, kuyambira pochuna magitala mpaka nyimbo yotsekera, aitulutse timve. Ndikudikira. Zimene tili nazo zambiri zakale anatisungira ndi alendo. Hugh Tracey anayendayenda m'midzi yathu m'zaka za m'ma 1950 ndi makina olemera kuposa anga, ndipo matepi ake ali ku Makhanda, ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 n'kuyamba kuwajambula. Daniel anatisiya mu 1987, koma gitala yake ikumvekabe. Mlendo akasenza chimakina timati ndi katswiri wofufuza, timamupatsa mpando. Akasenza mwana wa pakhomo timati wazungulira mutu.

Mlanduwu ndikuupereka kwa atatu. Oimba, inu mumaopa kujambulidwa pamaso pa anthu chifukwa mumaopa kuti kuphonya kwanu kudzamveka. Kuzimveka kumene! Eni makalabu, inu mumawerenga mabotolo okha, bandi mumaiona ngati nyambo yokokera omwa. Ndipo ife alembi a patsamba lino, ine ndemwe, timalemba ndakatulo zolira kuti chikhalidwe chikutha, kwinaku chikhalidwecho chikuimbidwa Loweruka lililonse kuseri kwa msika, ife osapitako ngakhale ndi kawailesi ka kaseti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akulu anatero, koma ife wathu tikumusiya auluke ndi mphepo.

Tepi ija ndaimvera kasanu. Pa nyimbo yachinayi nthambo ya gitala ikuduka, mukuimva bwinobwino kuti thapu. Wabesi osaima, akunyamula nyimbo yekha ndi wang'oma, mayi wina kumbuyo akululutira, wina akukuwa kuti "Osasiya, aise!" Gitala ikubwerera ndi nthambo zisanu, yaukali kuposa poyamba. Ku situdiyo akanadula pamenepo.

Lachiwiri mnyamata wachipewa uja anandiimbira foni. Sanapepese. Anangofunsa ngati ndingamutumizire nyimbo yachinayiyo. Ndamuuza kuti abwere adzaimvere kunyumba, ndipo Loweruka likubwerali chimakinacho adzasenza ndi iyeyo kuchokera pa siteji ya minibasi.