Mpira sufunsa ndevu

Loweruka lapitali tinkaonera mpira wa ku England pa kanema kunyumba ina ku Makokoba. Pa nthawi yopuma, mayi wina mwa akatswiri ounika masewero anafotokoza kuti otchinga kumbuyo akusiya mpata kumanzere. Mnzathu anatsitsa mawu a kanemayo, amvekere mkazi sangatiphunzitse mpira wa amuna. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, chigoli chinadzera kumanzere komweko.

Otsutsa amati munthu aziunika mpira umene anausewera yekha. Ndiye José Mourinho, amene sanatchuke konse ngati wosewera, tamumvera bwanji zaka zonsezi? Nanga ife amene timadzaza Barbourfields n'kumalangiza mphunzitsi wa Highlanders mofuula, tinasewerapo kuti? Muyeso umenewu timaukumbukira pokhapokha wolankhula akakhala mkazi.

Tisaiwalenso mbiri yathu. Mu 2016 a Mighty Warriors anakasewera ku Olympics ku Rio. Mu Januwale 2022, Zimbabwe itagonjetsa Guinea 2-1 pa AFCON, woyimbira anali Salima Mukansanga wa ku Rwanda, mkazi woyamba kuyimbira mpikisanowo. Ngati mkazi angaweruze amuna 22 m'bwalo, angalephere bwanji kufotokoza zimene waona?

Sindikuti mayi aliyense wa pa kanema amalasa. Akaphonya timutsutse, monga timatsutsira abambo, potchula pamene walakwa. Koma kumutseka pakamwa asanamalize n'kudzimana tokha nzeru, ndipo ana athu aakazi amene amakhala nafe pabalaza akuona.