Kuwala kwa m'zingwe za intaneti: tizingogula kapena tiphunzire kukuweta?

Uthenga wa pa WhatsApp umene mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu amatumiza kwa wogula wa ku Blantyre suyenda mumlengalenga ulendo wonse. Ukafika pansanja ya netiweki, kawirikawiri umasandutsidwa kuwala n'kulowa m'kachingwe kagalasi kamene amisiri amakatcha faiba. Zingwezi zinafalikira m'maboma pantchito imene boma linagwira ndi kampani ya Huawei, ndipo zambiri zinakolekedwa pamizere ya magetsi ya ESCOM. Poti Ntcheu ili pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ili panjira ya kuwalako.

Vuto lake n'lakuti kuwala kumafooka kukamayenda. Ngakhale m'faiba yabwino kwambiri, theka limakhala litatha pamtunda wa makilomita pafupifupi 15, ndipo pofika makilomita 100 pamatsala gawo limodzi lokha mwa magawo 100. N'chifukwa chake panjira pamaikidwa zipangizo zokuwonjezera mphamvu. Chipangizo chofala kwambiri chinatulukiridwa mu 1987 ndi gulu la David Payne payunivesite ya Southampton. Iwo anasakaniza chitsulo chotchedwa erbium m'galasi la faiba kuti kuwala kofooka kukadutsamo kuzituluka kuli ndi nyonga.

Masiku ano akatswiri ena akuyesa njira ina yotchedwa optomechanics. Maziko ake ndi akuti kuwala kumakankha chinthu chimene kwagunda, ngakhale mphamvu yake ndi yochepetsetsa. Pyotr Lebedev wa ku Russia anayeza kukankhako cha m'ma 1900. Mukatsekera kuwala kwa laser pakati pa magalasi awiri oyang'anizana, limodzi lili laling'ono moti n'kumanjenjemera, kuwala kumagwedeza galasilo, nalonso galasi limasintha mmene kuwala kukuyendera. Mu 2010, gulu la Tobias Kippenberg ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, linasonyeza kuti kuwala kwa laser yachiwiri kungathe kutsegulira njira kuwala kumene kachipangizo kotere kanali kukutsekereza. Mukasintha pang'ono mtundu wa laser yachiwiriyo, kuwala kodutsako kumawonjezeka mphamvu. Ndiye kuti kachipangizo kamodzi kangatseke, kutsegula, kuchedwetsa kapena kukulitsa uthenga.

Funso ndi lakuti: kodi dziko ngati Malawi liikepo ndalama ndi nzeru pa zoterezi?

Okana ali ndi mfundo zomveka. Zoyesera zambiri za mtunduwu zimachitikira m'mafiriji apadera ozizira mpaka pafupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, ndipo amafuna magetsi osathimathima. Komanso tizipangizoti timagwira ntchito pa kachigawo kochepa kwambiri ka kuwala, choncho sitingalowe m'malo mwa erbium m'zingwe za intaneti posachedwa. Iwo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chingwe chimatha kudutsa pamwamba pa mudzi pomwe sukulu ya pamudzipo ilibe kompyuta kapena labotale. Pa 12 May 2024, zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta m'Malawi muno ndi m'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa. Chimene chinasowa tsikulo si sayansi yatsopano, koma njira zina zodutsira uthenga.

Ovomereza nawo amakumbutsa kuti faiba imene tikuidalirayi inayamba ngati maloto. Pamene Charles Kao ankalemba mu 1966 kuti galasi loyeretsedwa bwino lingatenge uthenga mtunda wautali, galasi la nthawiyo linkameza kuwala pamamita ochepa chabe. Panapita zaka 22 kuti chingwe choyamba cha faiba chioloke nyanja ya Atlantic mu 1988, ndipo Kao analandira mphotho ya Nobel mu 2009. Mayiko amene anaphunzitsa ana awo m'zaka zodikirazo ndiwo akutigulitsa zipangizo lero. Ovomerezawo amatinso mbali yaikulu ya kafukufukuyu ndi masamu, ofuna kompyuta ndi mutu wakuthwa basi, zomwe sizingakanike payunivesite ya ku Zomba, ku MUBAS kapena ku MUST.

Mbali zonse ziwiri zikunena zoona, koma zikuyankha mafunso osiyana. Kumanga labotale ya mafiriji odula pamene ana a sekondale ku Ntcheu akuphunzira za kuwala pongojambula pabolodi kungakhale kuyambira kudenga nyumba isanakhale ndi maziko. Koma kunena kuti sayansi ya kuwala si yathu n'kuvomereza kuti chipangizo chilichonse chikafa tizidikira mlendo.

Poyambira pabwino ndi pa zimene tili nazo kale. Makoleji a ntchito zamanja aphunzitse achinyamata kulumikiza faiba yoduka ndi kuyeza pamene kuwala kukutayikira. Masukulu a sekondale apatsidwe magalasi ndi tima laser totsika mtengo. Mayunivesite athu atumize ophunzira ochepa aluso kumalabotale akunja, n'kuwakonzera ntchito yoti adzaipeze pobwera. Zimenezi sizifuna ndalama zochititsa mantha, koma zimafuna kuti unduna wa zamaphunziro, MACRA ndi makampani a netiweki agwirizane chimodzi n'kuchisunga kwa zaka zambiri.