"Gwiritsani ntchito Chrome" si yankho, abale

Pali mawu amene andikwana. Ukalowa pa masamba a pa intaneti a maofesi ena kuno ku Malawi, makamaka aja ofuna kuti udzaze fomu, umapeza chenjezo loti tsambali limayenda bwino pa Google Chrome, pa kompyuta. Ena salemba n'komwe, umangodzionera wekha batani lotumizira fomu likukana kudinika. Ine ndikuti umenewu ndi ulesi, ndipo akuulipira ndi ana athu.

Amene tinaphunzira kugwira mouse m'ma internet cafe a m'tauni muno m'zaka za m'ma 2000 nyimboyi tikuidziwa. Nthawi imeneyo mfumu inali Internet Explorer 6, imene Microsoft inatulutsa mu 2001. Anthu oposa 90 pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito Explorer, ndiye opanga masamba ambiri anasiya kutsata malamulo a W3C, bungwe limene Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994 kuti tsamba lizioneka ndi kugwira ntchito chimodzimodzi pa browser iliyonse. Bola laoneka bwino pa Explorer, ntchito yatha, tilandire cheke. Firefox itabwera mu 2004, masamba ambiri ankatseguka zithunzi kwina mawu kwina, anthu n'kumati vuto ndi Firefox, chonsecho vuto linali kwa amisiriwo.

Dziko la South Korea, lolemera komanso la intaneti yothamanga, linagwa m'mbuna yomweyi. Mabanki ndi masitolo a pa intaneti kumeneko anamangirira chitetezo chawo pa ActiveX, imene inkayenda pa Explorer pokha, ndipo zinawatengera zaka zambiri kuti amasuke. Microsoft itasiya kusamalira Explorer pa 15 June 2022, katswiri wina wa makompyuta kumeneko anachita kuimangira chiliza. Ndinaseka, koma phunziro lake ife sitinalitole.

Lero tangosintha dzina la mfumu. N'zoona kuti Opera kuyambira 2013 ndi Edge kuyambira 2020 zimayendera injini imodzi ndi Chrome, koma Firefox ndi Safari zili ndi injini zawozawo. Ndipo funso langa lalikulu nali: mwana amene wamaliza Fomu 4 ku Zolozolo, ku Chiputula kapena ku Ching'ambo amalowa pa intaneti ndi chiyani? Ambiri amene ndimawaphunzitsa alibe laptop. Ali ndi kafoni ka itel kapena Tecno, nthawi zina kobwereka kwa achimwene awo, ndipo amakonda Opera Mini chifukwa imasunga bandulo. Opera Mini ikakhala pa kusunga data kwambiri, tsamba limayamba ladutsa pa ma server a kampaniyo n'kufinyidwa lisanafike pa foni. Fomu yolembedwa ndi HTML yabwinobwino imadutsa. Fomu yosenzetsedwa JavaScript yambirimbiri, yamabatani ovina ndi zithunzi zoyenda, imafera m'njira. Ndiye mwana uja akwere sacramento kupita m'tauni, alipire pa cafe, tsiku lotsekera likuyandikira. Nanga wa ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe? Wopanga tsambalo ali phee mu ofesi ndi intaneti ya bwana, kwa iye zonse zikuyenda.

Palinso kanthu kena kamene kamatipweteka ife a kumpoto kuno kuposa ena: chilembo cha ŵ. M'Chitumbuka sungalembe ŵanthu kapena ŵana popanda icho, ndipo chili m'mayina ngati Mwaŵi, ngakhalenso m'dzina la dziko lathu likalembedwa Malaŵi. Chilembochi mulibe mu ISO-8859-1, ndondomeko yakale ya zilembo za kumadzulo kwa Ulaya, koma mu Unicode chilimo. Mzere umodzi wokha pamwamba pa tsamba wonena kuti ndi UTF-8 umathetsa gawo lalikulu la vutoli. Akauiwala, ŵ amatha kusanduka Åµ, ndipo dzina la mwana limatuluka ngati lalodzedwa. Fomu zina zimachita kukukalipira kuti walemba chilembo chosaloledwa. Chosaloledwa kwa yani, m'dziko la eni ake?

Ndikudziwa ayankha kuti ndalama n'zochepa. Ayi, pamenepa musandinamize. Chida cha W3C choyezera ngati HTML yalembedwa molondola n'chaulere. Firefox ndi yaulere. Foni yotchipa yoyeserera tsamba mtengo wake sufika pa alawansi ya msonkhano umodzi wa kunyanja.

Pempho langa likupita kwa mabwana amene amasayina makontirakiti a masambawa. Musanalipire, muuzeni wopangayo atseke laptop yake. Mupatseni foni ya mlonda wa pageti, yokhala ndi Opera Mini ndi bandulo ya tsiku limodzi, adzaze fomuyo inu mukuona, ndipo pa dzina alembe Mwaŵi. Ikakana kupita, cheke chidikire.